Filimu Inalira Bwino, Koma Inaiwala Nthaka

Agogo anga aamuna anapita ku Theba, kukagwira ntchito m'migodi ya ku Joni, kawiri. Ulendo woyamba anabwerako ndi njinga ndi mabulangete olemera, wachiwiri anabwerako ndi sutikesi yachitsulo imene mpaka lero ili pansi pa kama kumudzi. Mng'ono wawo anapita kamodzi kokha. Makalata anabwera awiri, kenaka kunangoti zii. Pamudzi ankangoti "anatchona," ndipo akatero ankasintha nkhani msanga, chifukwa mayi wa mtchonayo anali adakali moyo ndipo ankamva.

N'chifukwa chake buku la Alan Paton lotchedwa Cry, the Beloved Country silinandivute kulowamo, ngakhale kuti nkhani yake ndi ya Azulu ndi Azungu a ku South Africa. Limayamba ndi wansembe wokalamba wa mpingo wa Anglican, Stephen Kumalo, m'mudzi wa Ndotsheni ku Natal. Mlongo wake Gertrude anapita ku Joni kukafuna mwamuna wake amene analowa m'migodi, osabwerako. Mwana wake mmodzi yekhayo, Absalom, anapita kukafuna azakhali akewo, nayenso osabwerako. Mbale wake John anapita kalekale ndipo analeka kulemba makalata. Nyumba imodzi, matchona atatu.

Kwa amene sanaliwerenge, nkhani yake imayenda chonchi. Kalata ifika kuchokera kwa wansembe wa ku Sophiatown, Theophilus Msimangu, yonena kuti Gertrude akudwala. Kumalo atenga ndalama zimene iye ndi mkazi wake ankasungira sukulu ya mwana wawo, nakwera sitima. Asanafike n'komwe kunyumba ya ansembe, mnyamata wina wamudyera kale paundi imodzi pokwerera basi, pomunamiza kuti akamugulira tikiti. Matenda a Gertrude apezeka kuti si a m'thupi: akugulitsa mowa woletsedwa, ndi thupi lake lomwe. Absalom amufunafuna ku Alexandra, ku Shanty Town, kusukulu yosinthira khalidwe la ana olakwa, ku Pimville, ndipo kulikonse auzidwa kuti analipo koma wachoka. Pomupeza n'kuti ali m'manja mwa apolisi. Iye ndi anzake awiri anathyola nyumba, ndipo mwamantha anawombera mwini nyumbayo, Arthur Jarvis, Mzungu amene ankalemba ndi kulankhula poikira kumbuyo anthu akuda. Bambo wa malemuyo, James Jarvis, ndi mlimi wolemera amene famu yake ili pamtunda, kuyang'ana pansi pa chigwa chomwecho cha Ndotsheni.

Mutu wa bukuli tikaubweretsa m'Chichewa ukuti, lira iwe dziko lokondedwa. Wouzidwa kulirayo si Kumalo, si Jarvis, koma dziko. Dandaulo langa pa filimu imene inapangidwa kuchokera m'bukuli mu 1995 lagona pomwepo. Inatenga misozi ya abambo awiri n'kuiika pa kanema mwaluso lalikulu, koma dothi lofiira limene linalephera kusunga ana ake inalisiya m'buku.

Musandimve ngati ndikuti filimuyi ndi yoipa. Ndaionera katatu ndipo katatu konse yandigwira pakhosi. Anaitsogolera ndi Darrell Roodt, yemwe uja anatipatsa Sarafina! mu 1992, ndipo Leleti Khumalo wa mu Sarafina! alimonso muno, akusewera ngati mtsikana amene Absalom anamupatsa pathupi. Paton mtsikanayu sanamupatse dzina m'buku lonse, monganso sanamupatse dzina mkazi wa Kumalo. Filimu inamutcha Katie, ndipo pamenepa inachita bwino kuposa buku, chifukwa munthu amene adzalera mwana wa wopachikidwa sayenera kumangotchedwa "mtsikana uja." Vusi Kunene, amene anasewera Msimangu, ndi Msimangu weniweni amene ndinkamuona m'maganizo powerenga: wachifundo, wopsa mtima msanga, wofulumira kupepesa. Nyimbo za John Barry nazo zimadziwa pamene pali mtima wa munthu. James Earl Jones ngati Kumalo ndi Richard Harris ngati Jarvis akakumana pakhomo paja, palibe amene amatafuna chiwaya kapena kuyang'ana foni.

Koma tiyeni tiime pakhomo pomwepo, chifukwa ndi pamene ndinayamba kuona chimene chatayika.

M'buku, Kumalo sapita kunyumba ya ku Springs ija kukafuna Jarvis. Watumidwa ndi bambo wina wakumudzi, Sibeko, kuti akafunse za mwana wake wamkazi amene ankagwira ntchito ya m'nyumba kumeneko, nayenso mtchona. Wotsegula chitseko apezeka kuti ndi Jarvis, amene wabwera kudzacheza kwa achibale. Nkhalamba ija miyendo ifooka, ikhala pansi pa masitepe, chipewa ndi ndodo zigwa. Kenaka imuuza Mzunguyo kuti chinthu cholemetsetsa m'zaka zake zonse ndi chomwechonso cholemetsetsa m'zaka za Jarvis, ndipo pomaliza iulula kuti mwana wake ndiye anapha mwana wa mnzakeyo. Zonsezi akulankhulana m'Chizulu, chifukwa Jarvis, monga alimi ambiri achizungu a ku Natal, Chizulu amachidziwa. Kenaka mayi wa panyumbapo abwera, nanena m'Chingerezi kuti mwana wa Sibeko anamuchotsa ntchito chifukwa chofulula mowa, kumene ali sakudziwa, ndipo alibe nazo ntchito. Jarvis pomasulira m'Chizulu angoti, akuti sakudziwa. Mawu achipongwe aja awameza. Koma Kumalo ndi wansembe wophunzira, Chingerezi amachimva, ndipo waona chimene Jarvis wachita. Munthu amene wangouzidwa kumene kuti uyu ndi bambo wa amene anapha mwana wako, wasankha kumutchinjiriza ku mawu opweteka. Chifundo choyamba cha Jarvis chili m'kumasulira. Kanthu kotere sikangakhale ndi moyo pamene onse akulankhula Chingerezi, ndipo mufilimu Chingerezi ndicho chalamulira.

Ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi powerenga bukuli umene Mngelezi alibe. Chingerezi cha Paton n'chachilendo kwa eni ake, chifukwa anachipinda kuti chiziyenda ngati Chizulu. Anthu akamasiyana wina amati pitani bwino, wina n'kuti tsalani bwino. Wa ku London amamva ngati ndakatulo, ife timamva mmene timatsanzikirana tsiku ndi tsiku pamphambano. Munthu safika pa nkhani asanapereke moni ndi ulemu, ndipo mwana akatumidwa ndi kalata amayamba wapatsidwa chakudya. Ndikamawerenga, m'mutu mwanga mumamveka chilankhulo chakwathu kuseri kwa mawu achingereziwo. Mufilimu mawu omwewo akutuluka m'kamwa mwa Mmereka amene waphunzira katchulidwe ka ku Africa, ndipo kuseri kwake kulibe chilankhulo china.

Nkhani ya mawu a Jones ili ndi mbali inanso. Munthuyu, amene anamwalira mu 2024, anali ndi liwu limene dziko lonse linkalidziwa, la Mufasa mu The Lion King chaka chimodzi chokha filimuyi isanatuluke. Anali chimunthu chachikulu, cha chifuwa ngati ng'oma. Koma m'buku mwini liwu lalikulu si Stephen. Ndi John, kalipentala amene anasanduka wandale, yemwe Paton amamufanizira ndi nkhunzi, amene akabangula pamsonkhano apolisi amakhala tcheru. Stephen ndi nkhalamba yofooka ya kolala yakuda ndi litsiro, imene imaopa ngakhale kuwoloka msewu. Mkangano wa abale awiriwa wagona pa kusiyana kumeneku: wina ali ndi mawu koma alibe mtima wolimba, wina ali ndi mtima koma mawu ake safika patali. Jones anayesetsa kudzichepetsa, kunjenjemera, kutsitsa liwu, ndipo anachita zimenezi mwaluso. Komabe ukamuona umadziwa kuti munthu uyu sangatyoke. Kumalo wa m'buku ukhoza kumuopera kuti atyoka, ndipo malo ena amatyokadi.

Amachimwanso. Pali pamene amapita kwa mtsikana woyembekezera uja n'kumufunsa mwankhanza ngati angalole kugona naye iyeyo, wansembe, kungofuna kumuona akuchita manyazi. Pali pamene amanamiza John kuti m'shopu mwake mumabwera kazitape, kungofuna kumubaya mtima, chifukwa John anapezera mwana wake loya amene anamupulumutsa, mlandu wonse n'kugwera Absalom yekha. Paton amatilowetsa m'mutu mwa nkhalambayi kuti tione nkhanza ikumera ndi manyazi akubwera pambuyo. Kamera imaona nkhope, siona chimene chikufufuma m'kati, ndipo nkhope ya Jones ndi ya munthu woyera mtima kuyambira pachiyambi.

Kwa Jarvis filimu inachita zosiyana: inamuwonjezera ukali. Harris amamusewera ngati munthu wowawa mtima, amene tsankho lake limaonekera poyera, kuti kusintha kwake pamapeto kuoneke kwakukulu. Jarvis wa m'buku ndi munthu wachete, waulemu, wokonda mkazi wake. Tchimo lake si kutukwana. Ndi loti wakhala moyo wake wonse pamwamba pa chigwa cha anthu anjala, n'kumayang'ana pansi n'kumaganiza kuti vuto lawo ndi umbuli pa ulimi ndi kuchuluka kwa ng'ombe. Pamaliro a mwana wake ndi pamene agwirana chanza ndi anthu akuda koyamba m'moyo wake. Munthu wotereyu ndi woopsa kuposa wolalata, chifukwa aliyense woonera akhoza kuloza wolalata n'kunena kuti ine sindili choncho. Wachete uja, wabwinobwino, amene amadya zokolola za dongosolo loipa osafunsa, ambiri timafanana naye, kuphatikizapo ife amene tili ndi antchito m'nyumba ku Area 47 kapena ku Namiwawa.

Tsopano ndifike pa nthaka.

Mwezi wathawu filimuyi ndinaionera limodzi ndi mwana wa mchemwali wanga, mnyamata amene analemba mayeso a Fomu 4 ndipo akudikira pasipoti kuti alowere ku Joni. Ili m'kati anatembenuka n'kundifunsa: "Amalume, nanga mudzi wokongola chonchi ankauthawiranji?" Funso limenelo ndi mlandu wonse umene ndili nawo ndi filimuyi. Mapiri amene kamera imationetsa ndi okongola mochititsa kaso, otambalala, oti munthu ungalakelake kukamangako nyumba. Woonera amene sanawerenge buku amatsala ndi yankho limodzi lokha: Absalom anali mwana wosamva amene anakopeka ndi magetsi a m'tauni.

Buku limayankha funso la mnyamatayu m'mutu woyamba weniweni, munthu aliyense asanatchulidwe dzina. Limayamba ndi msewu wochokera ku Ixopo kukwera m'mapiri, kumene udzu ndi wothithikana moti dothi silioneka, madzi amalowa pansi, ng'ombe n'zochepa. Kenaka limatsika kuchigwa. Kumeneko udzu watha, ng'ombe zachuluka pamalo ochepa, moto wapsereza, mapiri ang'ambika zigwembe, ndipo mvula ikagwa mitsinje imayenda yofiira ngati magazi. Chimanga sichifika msinkhu wa munthu. Atsala ndi nkhalamba, amayi ndi ana, chifukwa nthaka singathenso kusunga anyamata ndi atsikana. Gawo lachiwiri la buku, limene limatilowetsa m'nyumba ya Jarvis, limayamba ndi mawu omwewo a msewu wa ku Ixopo, koma limaima pamtunda pa udzu wobiriwira, osatsika. Ndi luso limenelo Paton wanena kale zonse: phiri limodzi, maiko awiri.

Kusiyanaku sikunagwe kumwamba. Lamulo la malo la 1913 linapatula pafupifupi magawo 7 okha pa 100 a dziko la South Africa kuti akhale a anthu akuda, ndipo lamulo la 1936 linangokweza malirewo kufika pa magawo 13 kapena kupitirira pang'ono. Anthu ochuluka atapanikizidwa pamalo ochepa, nthaka inatopa, msonkho unkafunika ndalama, ndipo ndalama zinali kumigodi. Migodiyo inali ndi njala ya anthu yosakhutitsidwa ndi Natal yokha, n'chifukwa chake dzanja lake linafika mpaka kuno kwathu, kwa agogo anga ndi mng'ono wawo, mpaka ndege yonyamula anthu a ku Theba inagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi 74, Kamuzu n'kuimitsa kulemba anthu ntchitoyo. M'buku, Jarvis amakhala m'chipinda chowerengera cha mwana wake wophedwayo n'kumawerenga zimene analemba, ndipo timawerenga naye masamba athunthu. Arthur akunena kuti sikololedwa kupitiriza kulemera pophwanya mabanja a anthu ena, ndiponso kuti Azungu anagwetsa moyo wa mafuko osamanga china m'malo mwake, choncho umbanda umene akuuopa ndi mbewu imene anafesa okha. Jarvis sasinthidwa ndi chisoni chokha. Amasinthidwa ndi mfundo, zimene amaziwerenga mobwerezabwereza mpaka zitamulowa. Filimu singatikhazike pansi kuti tiwerenge, ndiye imangotipatsa ziganizo zochepa ndi nkhope ya bambo wolira.

Palinso mitu imene Paton amasiya Kumalo ndi Jarvis pambali n'kulola khamu kulankhula. Mutu wina ndi mawu a amayi opanda maina amene akupempha malo ogona, akuuzidwa kuti adikire nyumba zaka ndi zaka, mpaka usiku umodzi anyamula masaka, mitengo ndi malata n'kumanga Shanty Town, ndipo mwana wina amwalira m'chisakasa dokotala asanathandize. Izi sizongopeka: mu 1944 James Mpanza anatsogolera anthu kumanga zisakasa zotere ku Orlando. Mutu wina ndi mawu a Azungu amantha, wina akuti tionjezere apolisi, wina akuti masukulu, wina akudandaula za antchito ake. Wina ndi chisangalalo cha ogula masheya atamva kuti golide wapezeka ku Odendaalsrust. Mitu imeneyi ilibe mwini, choncho wolemba filimu amaidula msanga, chifukwa filimu imafuna nkhope yoti tiitsate. Koma ndi m'mitu imeneyi mmene dziko lija limaliramo.

Chodulidwa chimene chimandipweteka kwambiri ndi gawo lachitatu. Chigamulo choti Absalom apachikidwe chitaperekedwa, woonera amaona ngati nkhani yatha, kwangotsala chingwe. Paton sanaganize choncho. Anabweza Kumalo kumudzi, ndi mpongozi woyembekezera ndi kamwana ka Gertrude, Gertrude mwini atazemba usiku, n'kumupeza Ndotsheni ali pachilala. Ana akufa chifukwa chosowa mkaka. Kumalo apita kwa mfumu, mfumu ilibe mphamvu. Apita kwa mphunzitsi wamkulu, amuonetsa mapepala a mapulani amene sanameretse kanthu. Kenaka kamdzukulu ka Jarvis, mwana wa wophedwa uja, kayamba kubwera pa hatchi kudzaphunzira Chizulu, kapempha mkaka wozizira m'nyumba imene mulibe mkaka, n'kumva chifukwa chake. Mkaka uyamba kubwera pa ngolo. Anthu abwera kudzakhoma zikhomo poti pakhale damu. Ndipo pabwera mnyamata wina, mlangizi wa zaulimi, Napoleon Letsitsi, amene malipiro ake akuchokera kwa Jarvis.

Letsitsi ndi munthu wamng'ono m'buku, koma kwa ine ndi amene amaliwombola. Amaphunzitsa kulima mopingasa phiri, kusonkhanitsa ndowe m'khola, kubzala mitengo, ndipo anthu amang'ung'udza, chifukwa wina ayenera kutaya munda wake ndipo nkhani yochepetsa ng'ombe ikukhudza malowolo. Koma Kumalo akamayamika Jarvis mopitirira, mnyamatayu amamuyankha mwaulemu kuti Mzungu ndiye anatipatsa malo ochepa, ndiye anatichotsa pa nthaka kuti tikamugwirire ntchito, choncho zimene Mzungu wabwinoyu akuchita ndi kubweza ngongole chabe. Amanenanso kuti iye sagwirira ntchito Jarvis koma dziko lake ndi anthu ake, ndipo ngakhale chigwa chitachira sichingasunge ana onse amene akubadwa, ena adzapitabe. Nkhalamba ija mawu amenewa amaisowetsa mtendere, koma siwatsutsa kuti ndi abodza. Mufilimu, mkaka, damu ndi mlangizi sizipeza malo amene buku linazipatsa. Chimene chimatsala m'maso ndi tchalitchi chodontha mvula ndi lonjezo la kumanga china. Mphatso yatsala, mawu oti ndi ngongole apita.

Ife nkhani ya Letsitsi timaidziwa ndi m'mafupa momwe. Achikulire akukumbukira malimidwe a nthawi ya atsamunda, pamene anthu ankalipitsidwa faindi ngakhale kumangidwa chifukwa chosaunda mizere ndi milambala monga boma linkafunira, pamene minda yabwino ya ku Thyolo ndi ku Mulanje inali m'manja mwa eni maesiteti. Malangizowo ena anali oona, koma anthu anadana nawo chifukwa wowalangiza za kusamala nthaka anali yemwe uja anawalanda nthaka. Ndipo amene anaona matope akutsika m'phiri la Soche kukwirira nyumba ku Chilobwe mu Marichi 2023, nthawi ya namondwe wa Freddy, sangawerenge za mapiri ong'ambika a Ndotsheni ngati zokongoletsera nkhani.

Ndikudziwa chimene wokonda filimuyi angandiyankhe, ndipo si chopanda nzeru. Filimu ya maola osakwana awiri singanyamule buku lonse. Ronald Harwood, amene analemba filimuyi, anabadwira ku Cape Town ndipo ntchito yake ankaidziwa. Anayenera kusankha, ndipo anasankha chimene kamera imachita bwino, nkhope ziwiri zoyang'anana. Komanso taonani chaka. Mandela anali atangolowa m'boma mu 1994, lamulo lokhazikitsa bungwe la choonadi ndi kuyanjana linaperekedwa mu 1995, ndipo Desmond Tutu, amene ankatsogolera bungweli, anayamba kumva maumboni mu 1996. Dziko linali ndi ludzu loona Mzungu ndi munthu wakuda akukhululukirana. Filimu inapereka madzi amene anthu ankawafuna, ndipo sindingaitonze chifukwa cha zimenezo.

Koma kudula kulikonse n'kusankha, ndipo zimene zinadulidwa zonse zikuloza mbali imodzi. Chilichonse chonena za mtima chinatsala, chonena za malo chinachepetsedwa. South Africa yeniyeni inayendanso njira yofananayo: kukhululukirana kunachitika pa wailesi ya kanema, nkhani ya malo mpaka lero ikadali mkangano wosatha. Msimangu ali ndi mawu ena otchuka m'bukuli, oti mantha ake aakulu ndi akuti tsiku limene Azungu adzatembenukire ku chikondi, adzapeza anthu akuda atatembenukira ku chidani. Mu 1948 mawuwa anali chenjezo. Mu 1995 ankamveka ngati ngozi imene yapewedwa. Amalawi amene anabwera pa mabasi kuthawa zipolowe za 2008 ndi 2015 akudziwa kuti mkwiyo wa munthu wopanda malo ndi ntchito sunathe, unangopeza wina womugwera.

Bukunso lili ndi zilema zake, ndipo sindizibisa. Paton anali Mzungu wachikhristu wa mtima wabwino. Anayendetsa sukulu ya ana olakwa ya Diepkloof kuyambira 1935 n'kuchotsa mipanda ina imene inkawatsekera, anathandiza kuyambitsa chipani cha Liberal mu 1953, boma linamulanda pasipoti mu 1960, ndipo mu 1964 anaimirira m'khoti kupempha kuti Mandela ndi anzake asapatsidwe chilango cha imfa. Komabe m'buku lake munthu wakuda wandale amene amamveka kwambiri ndi John, wamantha ndi wodzikonda, ndipo chipulumutso cha mudzi chimatsika kuchokera pamtunda, m'manja mwa Mzungu. Olemba akuda a ku South Africa, monga Lewis Nkosi, anadandaula kuti Kumalo ndi munthu wakuda amene Azungu achifundo amalakalaka, wopirira, wosakwiya, woyamika. Dandaulo limeneli ndi loona. Chimene ndikunena n'chakuti buku lili ndi mankhwala a chilema chake m'kati mwake momwemo: zolemba za Arthur, mawu a amayi a ku Shanty Town, anthu a ku Alexandra amene akuyenda pansi mitunda yaitali pokana kukwera kwa mtengo wa basi, ndi Letsitsi. Filimu inasunga chilema n'kuchepetsa mankhwala.

Amene angaipeze, aonere filimu yoyamba ya 1951, ya zithunzi zakuda ndi zoyera, imene anaitsogolera Zoltan Korda ndipo Paton mwini anathandiza kulemba. Kumalo anali Canada Lee, Msimangu anali Sidney Poitier adakali mnyamata, Absalom anali Lionel Ngakane wa ku South Africa komweko. Kuti Lee ndi Poitier alowe m'dzikomo, zinatengera kuwalemba ngati antchito a Korda, chifukwa malamulo a tsankho analibe malo a katswiri wa zisudzo wakuda wochokera kunja. Seweroli m'malo ena ndi louma, la kachitidwe kakale. Koma misewu ya fumbi ndi zisakasa zimene zikuonekamo si zomangira filimu, ndi malo enieni amene anthu ankagonamo usiku umenewo, zaka zochepa boma lisanayambe kugwetsa Sophiatown mu 1955. Ya 1995 ikukumbukira chilonda, ya 1951 inajambulidwa chilonda chikutuluka magazi.

Paton analiyamba bukuli kutali ndi kwawo, mu hotela ku Trondheim m'dziko la Norway mu 1946, ali pa ulendo woyendera ndende za maiko ena, ndipo linatuluka mu 1948, miyezi yochepa chipani cha National chisanapambane chisankho n'kukhazikitsa tsankho la apartheid ngati lamulo. Mwina ndi kutalikirako kumene kunamuchititsa kuyamba ndi phiri osati ndi munthu. Amamalizanso ndi phiri. Usiku woti m'mawa mwake Absalom apachikidwa ku Pretoria, Kumalo akwera yekha kukachezera kupemphera. Filimu imafika naye pamwambapo ndipo imatiliza. Koma buku, dzuwa likamatuluka, limatembenuza maso athu kuyang'ana pansi: nsonga za mapiri zawala, Ndotsheni adakali mumdima.

Mwana wa mchemwali wanga uja ndinamupatsa buku langa, lachikuto chong'ambika, n'kumuuza kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, awerenge yekha. Sabata yatha anandiimbira foni. Wafika pa mutu wa Shanty Town. Sananene kuti wasintha maganizo a ulendo, ndipo sindinamufunse, chifukwa munda wa mayi ake ndikuudziwa kukula kwake ndi zimene unatulutsa chaka chino. Anangofuna kudziwa dzina la mng'ono wa agogo uja, ndi mgodi umene kalata yomaliza inachokera.